Amene Ankapukusa Wotchi

Pakhoma panatsala msomali wokha. Pansi pake panali malo owala, aatali ngati kabokosi koimika, pomwe penti sanathimbirire chifukwa wotchi inkaphimbapo zaka zonsezi. Sajeni anaima n'kumayang'ana malowo manja ali m'chiuno. Linali Loweruka, tsiku lake lochapa, ndipo anamuitana ngakhale tiyi asanamwe. Mayi ameneyu akakhala ndi njala, ngakhale akuluakulu ake ku polisi ankamulambalala.

"Musavutike n'kufufuza, wakuba ndi uyo," anatero adona, eni ake a fulatiyo, akuloza ndi kiyi wa galimoto. "Ndinamuchitira chifundo, lero wandithokoza."

Wolozedwayo anali ataima pakhomo la kukhitchini, mayi wamfupi, wowonda, manja atawabisa m'kati mwa juzi.

Nkhani yake inali yotere. Fulatiyo, ya m'mwamba, moyang'anizana ndi chipatala chachikulu, inali ya makolo a adonawo. Mayi awo atamwalira, adona anatenga bambo awo kuti azikakhala nawo, n'kupachika chikwangwani pakhonde kuti nyumba ikugulitsidwa. Koma nyumba sigulidwa ngati tomato, miyezi inkangopita. Ndiye kuti isamangokhala yotseka n'kumanunkha chinyezi, analowetsamo munthu wa lendi wongodikirira, pamtengo wotsika koma ndi malamulo olemera. Katundu wa eni ake osamukhudza. Msomali osakhoma. Lachinayi lililonse, ejenti asanabwere ndi ofuna kugula, mayiyo akolope, alongedze zake zonse m'makatoni pansi pa bedi, mswachi ndi sopo yemwe, kenako atuluke. Nyumba izioneka ngati simugona munthu. Ndipo tsiku lomwe wogula adzapezeke, iye aziona msewu.

"Wotchi imeneyo ndi yakalekale, simungaipezenso pena paliponse," anapitiriza adona. "M'mawa uno ndabwera ndi munthu wogula zinthu zakale kuti aitenge, tinagwirizana kale. Ndikutsegula chitseko, ndikupeza msomali! Manyazi ake mukuwadziwa inu? Loko ndinasinthitsa ndekha. Makiyi alipo atatu basi: wanga, wa ejenti, ndi wa ameneyu."

"Chitseko sichinathyoledwe?" anafunsa Sajeni.

"Chili bwinobwino. Ndiye mundimvetse, Sajeni. Dzuwa likalowa wotchi isanabwerere pamsomali apo, ameneyu atulutse makatoni ake, inu mumutenge akagone kwanuko."

"Kwathu kumagona anthu amene ine ndawapeza ndi mlandu, mayi, osati amene mwawaloza ndi kiyi," anatero Sajeni.

Adona anatsonya n'kutuluka pakhonde kukayankha foni.

* * *

M'khitchini munali moyera mochititsa mantha. Poto mmodzi, mbale ziwiri, ndi kontena yonyamulira chakudya itavundikiridwa bwinobwino patebulo.

"Khalani pansi, achemwali. Wotchi munaiona komaliza liti?"

"Lachinayi m'mawa, ndikukolopa. Pobwera masana ndinapeza palibe."

"Lachinayi! Lero Loweruka. Masiku onsewa muli duu?"

"Ndimayesa aichotsa eni ake, bwana. Nyumba yogulitsa zinthu zimangochoka. Tsiku lina anachotsa zithunzi zonse za pakhoma, akuti wogula asamaone nkhope za anthu ena. Tsiku lina mabuku. Ine ndine ndani kuti ndizifunsa?"

"Munaikhudzapo?"

"Ine? Ngakhale fumbi ndinkalipukuta motalikira. Inkangodziyendera yokha n'kumalira, ine n'kumadziwirapo nthawi yopita ndi chakudya."

"Chakudya cha ndani?"

Mayi wa lendi anatembenukira kuwindo. Kutsidya kwa msewu kunali khoma lalitali la chipatala, mawindo ali ndandanda.

"Windo la pakona ilo. Muli amuna anga. Ndi dalaivala wa basi, anawombana ndi lole. Msana ndi miyendo yonse iwiri. Madokotala akuti agone chagada miyezi ingapo osadzuka. Kwathu n'kutali, bwana, ulendo wa tsiku lathunthu. Ndisanapeze muno ndinkagona pansi pa bedi lawo, anesi akathamangitsa ndinkagona pakhonde."

Anapisa m'juzi n'kutulutsa mpango wofiira, wosuluka m'mbali.

"Foni yawo inaphwanyikira pa ngozi pomwepo. Ndiye ndikamangirira mpangowu pawindo apa, iwo amauona ali chigonere, amadziwa kuti ndilipo ndipo zonse zili bwino. Iwo amagwedeza thaulo. Zachibwana, ndikudziwa, koma ndi zimene zikutisunga. Ndimauchotsa Lachinayi lokha, alendo asanabwere, zimenezo amazidziwa. Koma lero si Lachinayi. Panopa akuyang'ana kuno akuona windo lopanda kanthu, chakudya osachiona, ine osandiona."

"Umangirireni. Adona akalankhula ndiyankha ndine."

Mayiyo anapukusa mutu. "Mpango umenewu umanena kuti zonse zili bwino. Sindinawanamizepo amuna anga, sindiyamba lero."

Sajeni anamva chisoni, ndipo chisonicho chinamukwiyitsa. Ankadziwa bwino kuti anthu ovutika nawonso amaba, ndipo munthu amene akudwazika amagulitsa chilichonse chimene dzanja lafikira. Anali atawaonapo ambiri a maso ofatsa chonchi. Koma wakuba wanji amaba chinthu n'kukhalabe pansi pa msomali wake masiku awiri?

"Musatuluke muno kufikira ndibwere," anatero, mawu ali okhakhala kuposa mmene ankafunira. Kontena ya chakudya ija sanaiyang'anenso, inkamuchititsa manyazi.

* * *

Pansi penipeni pa fulatiyo pankakhala bambo wina wophika buledi. Sajeni anagogoda mpaka zala kupweteka. Chitseko chitatseguka panatulukira chimunthu chamimba, chovala kabudula, maso ali psuu.

"Ati yabedwa? Zoona?" Nkhope yake inawala. "Amene waibayo Mulungu amudalitse! Mukamupeza mumuuze adzatenge buledi waulere chaka chonse."

"Mukudziwa kuti pakamwa pamenepo pangakulowetseni m'chitokosi?"

"Ndilowetseni, mayi, mwina n'kukagonako tulo! Ine ndimagwira usiku kubekale. Masana ano ndiye usiku wanga. Ndiye chinthu chija, ola lililonse, ngoo! ngoo! pamutu panga penipeni. Zaka ndi zaka! Madala aja atasamuka ndinavina ndekha m'chipinda umu. Ndinati basi, sabata ikatha ifa yokha. Kufa kwake kuti!"

"Mumayesa batire ithe msanga?"

Wophika buledi anaseka mpaka mimba kugwedera. "Batire? Koma apolisi inu! Ija ndi yopukusa, ili ndi kakiyi kake. Sabata ikatha osaipukusa imaima. Malemu mayi aja ndi amene ankaipukusa, ine n'kumamva pansi pano, kwee, kwee, kwee, ngati munthu akukukuta mano kutulo. Ndipo mpaka sabata yatha yomweyi ndimamvabe."

Njala ya Sajeni inayamba yaima kaye. "Tsiku lanji?"

"Lachinayi lililonse, dzuwa litakwera, nthawi yomwe tulo tayamba kukoma. Kumayamba mapazi pamasitepe, kenako pakamwa pa ejenti uja, amene uja salankhula, amathira. Kenako zii. Kenako kwee, kwee, kwee."

"Anthu ake munawaonapo?"

"Ine anthu sindiwaona, ndimangowamva. Ndipo Lachinayi lapitali ndinali pabedi panga ndikuwatukwana chamumtima, mboni yanga ndi pilo. Ndingakagone tsopano?"

Chitseko chinatsekeka. Sajeni anatsala pamasitepe akukanda m'mutu pansi pa chipewa. Lachinayi nthawi imeneyo mayi wa lendi amakhala atatuluka. Adona amakhala ali ku ntchito. Ndiye ndani amabwera kudzagula nyumba n'kuyamba wapukusa wotchi ya eni ake?

* * *

Ofesi ya ejenti inali kachipinda kuseri kwa shopu yokonza mafoni, kokwana tebulo, mipando iwiri, ndi fungo la perefyumu. Mwini wake anali mnyamata wa tayi wonyezimira, foni dzanja ili, foni dzanja ilo.

"Abwana, abwana, takulandirani, khalani apa! Fulati ija? Yapita imene ija, kwangotsala kusainirana. Koma inuyo ngati mukufuna, ndili ndi ina yokongola, madzi osavuta, mpanda wake..."

"Ikani mafoniwo pansi. Onse awiri. Analowa ndani Lachinayi?"

"Banja lina linabwera, mkazi akuti khitchini yachepa, anthu ongoyenda amenewo. Kenako achikulire anga aja. Ameneyo ndiye kasitomala, abwana. Lachinayi lililonse, osaphonya."

"Lililonse? Nyumba yomweyomweyo?"

"Munthu wa ndalama sathamanga. Jekete, chipewa, ndodo m'manja, nsapato zopolisha. Anati anapuma pa ntchito, akufuna nyumba yoyandikana ndi chipatala chifukwa cha bondo. Ndipo ndi munthu wodziwa nyumba, ndikukuuzani. Tsiku loyamba lomwe anandiuza kuti mpope wa kubafa umafuna kuukanikiza kaye usanaupotoze. Ine mwini ntchito sindinkadziwa!"

"Akalowa amatani?"

"Amati, 'Mwana wanga, tandisiya ndekha pang'ono, nyumba imafunika kuimvetsera.' Ine ndimatuluka pakhonde n'kumaimba mafoni anga. Kasitomala wotere sumupanikiza, amathawa."

"Za wotchi munakambapo?"

Ejenti anatambasula manja. "Pang'ono chabe. Sabata inayo anafunsa ngati katundu akupita pamodzi ndi nyumba. Ndinati inde, kupatula wotchi, adona apeza kale woigula, adzaitenga Loweruka lino. Achikulire anangokhala pampando."

"Lachinayi lapitali ananyamula chiyani?"

"Sutikesi. Amati akuchokera ku ulendo. Pokwera anakana kuti ndiwalandire, koma potsika ndinachita kuwalanda. Ine ndinaleredwa, abwana. Munthu wamkulu sangatsike masitepe uku ndodo uku sutikesi ine ndikuonerera."

"Inali yolemera?"

"Eee, ndithu! Ndinadabwa kuti pokwera anaikwanitsa bwanji ndi bondo lawo lija, poti..."

Anaima. Kwa nthawi yoyamba mwina chibadwire, pakamwa pa ejenti panauma.

"Pitirizani," anatero Sajeni, ndipo kunena zoona apa anayamba kusangalala.

"Pokhota masitepe munalira kanthu m'katimo. Ngoo. Ine ndinayang'ana foni yanga."

"Ndiye kuti wotchi ya adona munaitsitsa ndi manja anu."

"Mpaka mu takisi," ananong'ona mnyamatayo. "Buti ndinatseka ndine. Mayo ine!"

"Nambala yawo muli nayo? Kumene amakhala?"

"Amati foni sagwira. Ndimangowapeza akundidikira pakhomo."

"Adona anakumanapo nawo?"

Ejenti anadzidzimuka ngati wamva mwano. "Aaa, zosatheka! Wogula ndi wogulitsa sitiwakumanitsa zinthu zisanapse, abwana. Angagwirizane okha, iwe n'kukudumpha. Ntchito yake ndi yotero."

"Valani jekete," anatero Sajeni. "Madzulo ano mukumanitsa."

* * *

Sajeni anawapeza adona kufulati kuja atakhala pampando wa pabalaza, nsapato atavula, akusisita phazi. Poyandikira chonchi sankaoneka oopsa. Ankaoneka munthu wotopa, amene wanyamula maliro, nyumba ziwiri, ana, ndi bambo wokalamba payekha. Mayi wa lendi anali pomwe paja pakhomo la kukhitchini, makatoni ake atawaunjika kale pambali.

"Mayi, kakiyi kopukusira wotchi kankakhala pati?"

Adona anakwinya nkhope. "Kakiyi? Ndinaiwalako n'komwe. Pamwamba pa chitseko cha kuchipinda apo. Mayi ankabisa pamenepo kuti ine ndili mwana ndisamaseweretse."

Sajeni anakoka mpando n'kukwerapo. Pamwamba pa chitsekocho panali fumbi lokhalokha, lokhuthala, kupatula malo amodzi pakona pomwe zala zinapasalaza chifukwa chofikapo kawirikawiri. Kakiyi panalibe.

"Wakuba wamba amanyamula wotchi n'kuthawa, sayamba wafunafuna kiyi pamwamba pa zitseko," anatero akutsika. "Amadziwa malo amenewa ndani?"

"Ine, malemu mayi, ndi adadi. Basi."

"Adadi anu Lachinayi amakhala kuti?"

Adona anadzuka osavala nsapato. "Ayi, ayi, adadi musawalowetse m'zimenezi! Ndi wodwala. Ngakhale za kubedwaku sindinawauze, BP ingakwere. Lachinayi lililonse ndimawatula ndekha pageti la chipatala apo popita ku ntchito, amakawongoletsa bondo, pobwerera amakwera takisi, ndiye..."

Analoza pawindo kuti aonetse getilo. Dzanja linatsala m'malere. Getilo linali apo, kutsidya kwa msewu, moyang'anizana ndi khomo la nyumba yawo.

"Ali ndi chipewa ndi ndodo?" anafunsa Sajeni mofatsa.

Adona anangowerama n'kuyamba kufunafuna nsapato zawo.

* * *

Kunyumba kwa adona, bambo awo anapatsidwa chipinda chabwino ndithu, chakumbuyo, chokhala ndi bafa lake, TV yake, ndi makatani atsopano. Munalibe kanthu kakale ngakhale kamodzi kupatula mwini wakeyo. Anali atakhala m'mphepete mwa bedi, mkulu wamtali, wa imvi mutu wonse, malaya atamanga mabatani mpaka m'khosi. Ataona yunifolomu anafuna kudzuka.

"Khalani, bambo, khalani. Bondo lili bwanji?"

"Likuyesera, mwana wanga."

"Adokotala ake akukuonani Lachinayi lililonse?"

Mkuluyo anayang'ana mwana wake, amene anaima pakhomo manja atapinda pachifuwa, kenako anayang'ana pansi. "Amayesetsa," anatero.

Sajeni anakhala pampando. Akanatha kungowerama n'kukoka sutikesi, poti ngodya yake inkaonekera pansi pa bedi. Koma sanafune kumugwira mkuluyu ngati mbava ya pamsika.

"Bambo, ndabwera ndi nkhani ya munthu wina. M'fulati yanu ija mukukhala mayi wa lendi. Mwamuna wake ali m'chipatala, msana wothyoka. Dzuwa likalowa lero mayi ameneyo atulutsidwa m'nyumba, ndipo akagona m'chitokosi, chifukwa akuti waba wotchi."

Ndodo inagwa pansi.

"Wa mpango wofiira uja?"

"Mumamudziwa?"

"Nkhope yake sindinaione. Ndimakhala pabenchi pageti la chipatala n'kumayang'ana windo la kukhitchini kwanga. Mpango ukachoka ndimadziwa kuti watuluka, mnyamata wa mafoni ali pafupi kufika. Kwa dokotala wa bondo ndinapitako kawiri kokha." Anatembenukira kwa mwana wake. "Ndani wanena kuti waba? Mwana wosalakwa ameneyo! Nyumba ija amaisamala kuposa ife eni. Mayo, ndachita chiyani ine!"

Anagwada movutikira, bondo likulira, n'kukoka sutikesi. Anakana kuthandizidwa. M'katimo wotchi inagona itakulungidwa m'juzi yachizimayi yobiriwira, chitsulo chake cholendewera atachimasula n'kuchikulunga pachokha m'sokosi. Kakiyi anakatulutsa m'thumba la malaya, la pamtima.

"Adadi!" Adona anaphulika. "Mukudziwa zimene mwandichititsa? Ndatukwana munthu wosalakwa, ndaitana apolisi! Inu kumanamizira kugula nyumba yanu yomwe? Bwanji osangondiuza?"

"Ndinakuuza, mwana wanga," anatero mkuluyo osakweza mawu. "Tsiku losamuka ndinati titenge wotchi. Unati izisokosa ana usiku. Ndinati undipatseko kiyi wa loko watsopano. Unati ndizikatani m'nyumba yopanda anthu, ndizingodzikumbutsa zowawa. Sindikukudzudzula, unkafuna kundisamala. Koma amako anaipukusa wotchi imeneyi chilowereni m'nyumba ija, sinaimepo ngakhale tsiku limodzi. Ali m'chipatala, mawu atatsala pang'ono kutha, anandifunsa ngati ndaipukusa. Ndiye ndikanaisiya iime yokha mumdima? Nditamva kuti ikupita kwa wogula zakale, mutu unangoima. Ndinagula sutikesi pafupi ndi chipatala pomwepo, n'kukaitenga. Ndipo taona, ndaiimitsa ndine ndemwe. Masiku awiri ili chete pansi pa bedi, ine osagona."

Adona anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma maso awo anagwera pa juzi yobiriwira ija. Anaizindikira. Anakhala pansi pomwepo, pasimenti, ndi suti yawo yodula, n'kugwira juziyo kumaso.

"Ndimayesa ndikukuthandizani kuiwala, adadi."

"Sindikufuna kuiwala, mama."

Sajeni anadzuka n'kumayang'ana makatani, poti wapolisi wolira pantchito ndi nkhani yoti ingafike mpaka kulikulu. Kenako anati, "Mlandu wakuba palibe, wotchi ndi yawo. Koma dzuwa likupita, ndipo pali munthu akudikira."

* * *

Anafika kufulati kuwala kutayamba kufiira. Ejenti anali akudikira pamasitepe. Ataona chipewa ndi ndodo anathamanga ndi manja awiri, "Achikulire! Ndimadziwa ine kuti pali kusamvetsetsana chabe..."

"Awa ndi bambo anga," anatero adona.

Mnyamatayo anayang'ana uku, n'kuyang'ana uku. "Bambo anu? Ndiye kuti... wogula palibe?"

"Palibe."

"Miyezi yonseyi? Ine mpaka ndinawagulira madzi ozizira!"

"Nyamulani sutikesi," anatero Sajeni. "Njira mukuidziwa kale."

Mayi wa lendi anatsegula chitseko atavala kale nsapato, chikwama chili paphewa, wokonzeka kutengedwa. Mkulu uja anavula chipewa pamaso pake.

"Mwana wanga, wakuba wako ndine. Undikhululukire. Sindinadziwe kuti katundu wanga agwera pamutu pako."

Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Adona anabwera kutsogolo. Kupepesa sinali ntchito yomwe anaizolowera, ndipo zinkachita kuoneka.

"Achemwali, ndakulakwirani kwambiri. Ndinakutchulani dzina loipa pamaso pa anthu. Pepani." Anayang'ana makatoni aja. "Masulani katundu wanu. Chikwangwani chiyambe chatsika. Mukhala muno mpaka amuna anu adzatuluke m'chipatala ndi miyendo yawo, zogulitsa tidzakamba pambuyo."

"Ndiye Lachinayi ndizitulukabe?"

"Lachinayi muzingotsegulira mlendo mmodzi," anatero adona akuyang'ana bambo awo. "Akachoka kwa dokotala wa bondo. Akachoka, adadi, mwamva? Osati asanapite."

Ejenti ndi amene anakwera pampando kukoloweka wotchi pamsomali, akung'ung'udza za komishoni yake. Mkuluyo anabwezeretsa chitsulo cholendewera, analowetsa kakiyi, n'kupukusa pang'onopang'ono. Kwee, kwee, kwee. Anakankha chitsulocho ndi chala, n'kusuntha mivi. Ngoo! Ngoo!

Pansi panamveka kugunda kwa mtengo wa tsache kudenga, ndi mawu a munthu wosweka mtima. "Aaa, inu! Yabweranso? Apolisi mwandilakwira!"

Onse anaseka, ngakhale adona. Koma Sajeni atacheuka anapeza mayi wa lendi palibe. Anali kale m'khitchini, atakwera pa sinki ndi maondo, akumanga mpango wofiira pachitsulo cha windo. Chifukwa cha changu, mfundo inakana kawiri.

Sajeni anaima kumbuyo kwake n'kuyang'ana kutsidya. Pawindo la pakona panali kale kanthu koyera. Thaulo silinayambe kugwedezeka chifukwa cha mpangowo ayi, linkagwedezeka kale, mofooka, kukwera pang'ono n'kugwa, kukwera n'kugwa, mmene limachitira dzanja limene latopa kalekale koma likukana kusiya. Kaya munthuyo anayamba nthawi yanji, chagada, akuitana windo lopanda kanthu.

Mpango utatambasuka, thaulo linaima. Kenako linayamba kuzungulira mwamphamvu ngati lapenga.

"Ndilipo, bambo," anatero mayiyo pagalasi, misozi ikutsikira m'khosi. "Ndilipo."

Sajeni anatenga kontena ija patebulo n'kumuika m'manja.

"Chazizira, koma thamangani nacho. Akakutsekerezani pageti, nenani kuti ndakutumani ndine."